Kusadziwa lamulo si chodzikanira, koma nanga ngati lamulolo linabisidwa?

Pali mawu ena a Chilatini omwe olo munthu amene sanalowepo mkalasi ya zamalamulo anawamvapo, kapena tinene kuti anamvapo tanthauzo lake: ignorantia juris non excusat, kusadziwa lamulo si chodzikanira. Wapolisi amawanena, wotolera msonkho amawanena, bwana wa kuntchito nayenso amawanena, ndipo akangotero nkhani imathera pompo, munthu uja amangoti kakasi, ayankha chani poti mawuwo akumveka ngati alipo chiyambire dziko. Ineyo mawuwa sindiwakana onse ayi. Chomwe chimandiwawa nchoti ambiri omwe amawaponyera anzawo amangodziwa mbali imodzi, ija yopanikiza munthu wamba, pomwe mawu omwewa amaika ngongole pa boma, ndipo ngongole imeneyo ndi yomwe simatchulidwa.

Mbali yomwe ndikugwirizana nayo ilipo, ndipo ndi yayikulu. Tangoganizani khoti lomwe likulola aliyense kunena kuti "pepani bwana, sindimadziwa kuti nzoletsedwa" nkumasulidwa. Woimira boma pa mlandu atsimikiza bwanji zomwe zinali mmutu mwa munthu? John Selden, loya wa ku England wa zaka za m'ma 1600, anafotokoza bwino kuti mfundoyi sikutanthauza kuti anthu onse amadziwa malamulo, koma kuti ichi ndi chodzikanira choti aliyense angachinene ndipo palibe angathe kumutsutsa. Oliver Wendell Holmes wa ku America mu 1881 anawonjezera kuti kulola chodzikanira chimenechi ndi kulimbikitsa umbuli, ndipo ukaganiza ndi zoona, munthu wofufuza malamulo ndi amene angamamangidwe pomwe wotseka makutu dala akupulumuka. Komanso pa milandu ngati kupha, kugwiririra, kuba, kuotcha nyumba ya mnzako, palibe amafunika buku kuti adziwe, ndipo wovulazidwayo bala lake silipola chifukwa choti womuvulaza sanawerenge gawo lakutilakuti la malamulo. Pamenepo ine ndilibe mawu.

Koma tiyeni tipite komwe mfundoyi inachokera. Mu 533 mfumu Justinian inatulutsa Digest, chimbuku chosonkhanitsa zolemba za akatswiri a malamulo a ku Rome, ndipo m'buku la 22 muli mutu wonse wokamba za kusadziwa. Katswiri wina dzina lake Paulus ndi amene anaiyala poyera, kuti kusadziwa lamulo kumapweteka aliyense koma kusadziwa mmene zinthu zilili sikupweteka. Kusiyana kumeneku mpaka lero makhoti akukugwiritsa ntchito. Ukanyamula chikwama cha munthu wina pa bwalo la ndege chifukwa chikufanana ndendende ndi chako sunabe, unalibe maganizo akuba. Koma ukachinyamula ukudziwa kuti nchamwini, nkumati sumadziwa kuti kuba ndi mlandu, palibe akumvere.

Nde chomwe satiuza nchoti Paulus yemweyo sanathere pomwepo. Anatchula anthu omwe amakhululukidwa akalakwitsa pa lamulo: achinyamata osakwana zaka 25, amayi pa nkhani zina, asilikali. Malo ena m'buku lomwelo amaganiziranso anthu akumudzi osaphunzira. Inde zifukwa zina zinali zoderera, makamaka pa amayi omwe ankawatenga ngati ofooka, zimenezo sitingazifunenso, komanso zambiri mwa izi zinali za katundu ndi chuma cha masiye osati milandu yaupandu. Koma pali chiganizo china pamutu womwewo chomwe ndimalakalaka chikanatchuka ngati chinzake chija. Paulus akutchula maganizo a katswiri wakale kuposa iye, Labeo, oti mfundo yoti kusadziwa lamulo sikuthandiza tiyimve motere: ikugwira munthu amene anali ndi mwayi wofunsa katswiri wa malamulo, kapena amene iye mwini anali wodziwa zinthu moti kudziwa kunali kosavuta. Eni ake a Chilatinicho ankafunsa kaye ngati munthuyo anali ndi pofunsira. Ife tinatola chiganizo choyamba chokha nkusiya chachiwiri.

Aroma omwewo analimbana nayo kalekale nkhani yoti lamulo lizioneka. Cha m'ma 450 Yesu asanabadwe anthu wamba anadandaula kuti malamulo akungodziwika ndi ansembe komanso mabanja apamwamba, ndiye analembedwa pa zikwangwani 12 nkuziika pabwalo la mzinda kuti aliyense aziona, ndipo Cicero, loya wotchuka wa ku Rome, ananena kuti pa unyamata wake ana ankachita kuwaloweza. Mu 304 Yesu asanabadwe mlembi wina, Gnaeus Flavius, mwana wa munthu amene anali kapolo, anaika poyera kalendala ya masiku omwe munthu angasumire mlandu, chinthu chomwe ansembe ankachisunga okha. Mbali inayi kuli mfumu Caligula, yomwe malinga ndi wolemba mbiri Suetonius inakhazikitsa misonkho yatsopano, anthu atadandaula kuti sakuwadziwa malamulo ake inawalembetsa mzilembo zing'onozing'ono nkuwapachika pamalo opanikizika kuti wina asathe kukopera. Nkhani ya Caligula yakhala ikunenedwa zaka pafupifupi 2000 ngati chitsanzo cha nkhanza, kutanthauza kuti anthu akhala akudziwa kuyambira kale kuti kulanga munthu ndi lamulo lomwe walibisa wekha ndi msampha.

Nchifukwa chake mawu aja ali ndi mnzake woyenda naye: nullum crimen, nulla poena sine lege, palibe mlandu kapena chilango popanda lamulo lomwe linalipo kale. Awa si a ku Rome ayi, anawaumba ndi katswiri wa ku Germany, Feuerbach, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Thomas Aquinas naye m'zaka za m'ma 1200 anaphunzitsa kuti lamulo kuti limange munthu liyenera kulengezedwa. Ndiye pangano lake ndi lotere, boma lilengeze lamulo poti munthu angalipeze nkulimva, munthuyo asanamizire umbuli. Mbali imodzi ikalephera, inayo ikhalabe ndi mphamvu bwanji?

Mlandu womwe umandikhalabe mmutu ndi wa Bailey, ku England mu 1800. Ameneyu anali kaputeni wa sitima yapamadzi, ali kufupi ndi gombe la Africa mu 1799 anaombera sitima ina nkuvulaza munthu. Lamulo lomwe anamuzenga nalo mlandu linali litangodutsa ku nyumba ya malamulo masabata ochepa mmbuyomo, iye ali panyanja, nthawi yoti kunalibe wayilesi, kunalibe foni, uthenga umayenda pa liwiro la sitima yomweyo. Panalibe njira ina iliyonse yoti akanalidziwira. Anamupezabe wolakwa, koma majaji atakambirana anapempha kuti akhululukidwe. Ndisanamizire kuti Bailey anali mngelo, kuombera anthu nkoipa kaya pali lamulo latsopano kaya palibe. Koma taonani zomwe majajiwo anachita, anasunga mfundo yawo kuti isathyoke kenako nkukamutulutsira munthuyo kuseri, kusonyeza kuti iwo eni mumtima ankaona kuti pali china chosalongosoka. Ndipo mpaka pano makhoti ambiri amatero, amati wolakwa ndiwe koma poti sumadziwa tikuchepetsera chilango. Zimathandiza inde, koma munthu amatulukabe ndi mbiri yoti anapezeka wolakwa, mbiri yomwe imamutsata pofunsira ntchito, popempha visa, pena moyo wonse.

Masiku a Bailey malamulo anali ochepa poyerekeza ndi pano. Lero kuli malamulo a nyumba ya malamulo, kuli ena omwe nduna zimangosainira, kuli a khonsolo, a msonkho, a zachilengedwe, a mankhwala, a ndalama zakunja, ena amasintha chaka ndi chaka, ndipo ambiri mwa amenewa sakhudza zinthu zoti mtima ungakuuze kuti nzoipa. Mtima sungakuuze kuti fomu yakuti imabwezedwa pasanathe masiku akuti. Maloya eni ake amagawana, wa za msonkho safuna kuyankha za malo, ndipo majaji a khoti lalikulu amatha kugawanika asanu kwa anayi pa tanthauzo la chiganizo chimodzi. Ndiye tikamati munthu aliyense akuyenera kudziwa lamulo, tikunena lamulo liti, monga analimvera asanu aja kapena anayi aja?

Chigamulo cha Lambert ku America mu 1957 chinali cha asanu kwa anayi chomwecho. Mzinda wa Los Angeles unali ndi lamulo loti aliyense amene anapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu akalembetse kupolisi akakhala mumzindamo kupitirira masiku asanu. Mayi Virginia Lambert anakhalamo zaka zoposa zisanu ndi ziwiri osalembetsa, chifukwa sankadziwa, anawalipiritsa chindapusa cha $250 nkuwaika pa probation, kuyang'aniridwa ali kunja kwa ndende, zaka zitatu. Khoti lalikulu linathetsa chigamulocho ponena kuti mayiwa sanachite kanthu kalikonse, anangokhala, ndipo panalibe chowachenjeza kuti kungokhalako ndi mlandu. Ku Singapore kunali Lim Chin Aik, yemwe nduna inasainira chikalata chomuletsa kukhala mdzikomo koma panalibe umboni woti wina anamuuza kapena kuti chinalengezedwa, ndipo Privy Council, khoti la ku London lomwe linkamva maapilo a ku Singapore panthawiyo, inamumasula mu 1962. Ku Britain lamulo la mu 1946 limalola munthu kudziteteza ngati lamulo la nduna lomwe akuti waphwanya linali lisanasindikizidwe, pokhapokha boma lionetse kuti linachitapo kanthu kudziwitsa anthu okhudzidwa. Zitseko zilipo, kungoti nzopapatiza kwambiri, ndipo Lambert uja makhoti akhala akumugwiritsa ntchito mwa apo ndi apo.

Ngakhale malire aja a Paulus, pakati pa lamulo ndi mmene zinthu zilili, pena amasokonekera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ku England munthu wina wa lendi, David Smith, anakhoma matabwa pansi ndi mzipupa mwa chilolezo cha mwini nyumba, ndipo posamuka anawaphwanya kuti achotse mawaya ake a wayilesi. Iye ankaona kuti akuphwanya zake, anagula yekha, anakhoma yekha. Koma lamulo limati zomwe wakhomerera kunyumba zasanduka za mwini nyumba. Khoti la apilo linamumasula, linati munthu wokhulupirira moona mtima kuti katundu ndi wake alibe maganizo owononga za mwini. Kumeneku kunali kusadziwa lamulo ndithu, ndipo kunamupulumutsa.

Maiko ena anasankha kulowera pakhomo lenileni osati kuseri. Ku Germany khoti lalikulu linagamula mu 1952 kuti munthu amene sakanatha kupewa kulakwitsa kwake pa lamulo alibe mlandu, ndipo pano zili mu gawo 17 la malamulo awo a milandu yaupandu: ngati kulakwitsako kunali kosapeweka palibe kulakwa, ngati kunali kopeweka ndiwe wolakwa koma chilango chikhoza kuchepetsedwa. Ku Italy khoti la malamulo oyendetsera dziko linachita chimodzimodzi mu 1988, France nayo inaika zofanana mu malamulo ake omwe anayamba kugwira ntchito mu 1994. Ndipo musaganize kuti kumeneko anthu akungomasulidwa chisawawa, makhoti amafunsa mafunso olimba, kodi unaima nkuganiza, kodi unakaikira, utakaikira unafunsa ndani, kodi ntchito yomwe umagwira simafuna kuti udziwe zimenezi? Ambiri amagwa pa mafunso amenewa. Dziko silinagwe chifukwa cha gawo 17.

South Africa inapita patali kuposa pamenepa. Mu 1977, pa mlandu wa De Blom, mayi wina anagwidwa pa bwalo la ndege akutuluka mdziko ndi madola a ku America komanso zibangili ndi mikanda yamtengo wapatali popanda chilolezo. Jaji wamkulu Rumpff ananena poyera kuti zoti munthu aliyense amaganiziridwa kuti akudziwa lamulo zilibe maziko. Pa zodzikongoletsera zija mayiyo anamasulidwa, koma pa ndalama anapezekabe wolakwa chifukwa umboni unaonetsa kuti ankadziwa zomwe akuchita. Ndiye mantha a Selden aja, oti palibe angamutsutse wonama, apa anayankhidwa, khoti limatha kuona mmene munthu anabisira chinthu, zomwe ananena atagwidwa, maulendo omwe anayendapo kale, monga mmene limaonera maganizo a munthu pa mlandu wina uliwonse. Komabe pa ine njira ya De Blom yapitirira pang'ono, chifukwa pa milandu yofuna cholinga imatha kupulumutsa olo munthu amene kusadziwa kwake kunali kosasamala, bola kukhale koona. Ya ku Germany ndi yomwe ndimaiona yachilungamo, simalipira ulesi, komanso simalanga munthu pa chinthu chomwe sakanatha kuchita. Pajatu Chilatini chomwecho chili ndi mawu ena oti lex non cogit ad impossibilia, lamulo silikakamiza zosatheka.

Tsopano pali china chomwe chimandikwiyitsa zenizeni, ndicho kuona kuti ndani amakhululukidwa mmaiko omwe amati sakhululuka. Mu 1991 khoti lalikulu la ku America linamva mlandu wa John Cheek, woyendetsa ndege wa American Airlines yemwe anasiya kupereka mafomu a msonkho atakhulupirira zoti malipiro a pantchito sakhomeredwa msonkho. Khoti linati malamulo a msonkho ndi ovuta kwambiri moti boma liyenera kutsimikiza kuti munthuyo ankadziwa udindo wake nkuuphwanya dala, ndipo kusamvetsa koona mtima, olo kukhale kopanda nzeru, kukhoza kumuteteza. Pozengedwanso kachiwiri Cheek anapezekabe wolakwa, koma mfundoyo inatsala. Sindikuti chigamulocho nchoipa. Ndikungofunsa kuti ngati kuvuta kwa lamulo kuli chifukwa chomveka pa msonkho, bwanji sikukhala chomveka kwa mlendo amene wasokonezeka ndi malamulo olowera mdziko, kapena kwa munthu wa bizinesi yaying'ono amene sanadziwe kuti chilolezo chake chimafuna china pamwamba?

Kenako kuli Heien, mu 2014. Wapolisi wa ku North Carolina ku America anaimitsa galimoto chifukwa getsi limodzi la buleki silimayaka, pochita chipikisheni anapezamo cocaine. Khoti lina litawerenga bwinobwino lamulo la kumeneko linapeza kuti limangofuna getsi limodzi loyaka, kutanthauza kuti woyendetsayo sanaphwanye kanthu, wapolisi ndi amene sanalimvetse lamulo. Khoti lalikulu, majaji asanu ndi atatu kwa mmodzi, linati kulakwitsa kwa wapolisiyo kunali komveka ndiye kuimitsako kunali kovomerezeka. Jaji wamkulu Roberts anayankha odandaula kuti boma silikulanga munthu pa getsi lija, mlandu ndi wa mankhwala, ndiye mfundo yakale ija sinaphwanyidwe. Ndamva, ndipo lamulolo linalembedwadi mosokoneza. Koma jaji Sonia Sotomayor, yemwe anatsutsa yekha, ndi amene ndili naye. Munthu amene anaphunzitsidwa malamulo a pamsewu, amene amalipidwa kuti awatsatitse, akalakwitsa momveka akumvetsedwa. Woyendetsa galimoto akanalakwitsa momveka chomwecho pa lamulo losokoneza lomwelo, akanauzidwa Chilatini.

Za Chilatinicho, sindidana nacho. Audi alteram partem, imva mbali inayo, ndi nemo judex in causa sua, munthu asaweruze mlandu womwe iye ali nawo mbali, ndi mawu omwe apulumutsa anthu ambiri kwa mabwana ndi makomiti ofuna kugamula mwachidule. Kumapeto kwa 1998 a House of Lords, khoti lalikulu kwambiri la ku Britain panthawiyo, anafafaniza chigamulo chawo chomwe pa nkhani ya Pinochet, mtsogoleri wakale wa dziko la Chile, chifukwa mmodzi wa majaji, Lord Hoffmann, anali ndi ubale ndi bungwe la Amnesty International lomwe linalowerera pa mlanduwo. Vuto limabwera mawu akafupika kwambiri nkuyamba kugwira ntchito yotseka pakamwa, munthu nkumaopa kufunsa kuti kodi zimenezi zilibe malire. Angerezi eni ake anachotsa Chilatini mzikalata za makhoti awo kuyambira mu 1733, ndipo mu 1999 anasinthanso mawu ambiri akale a mkhoti kuti anthu wamba azimva. Ngati chilankhulo cha khoti chinafunika kusinthidwa kuti anthu amve, ndiye kuti analipo ambiri omwe ankaweruzidwa asakumva.

Watsala munthu mmodzi amene ndimamuganizira kwambiri, uja amene anachita zonse zomwe tikuti munthu azichita. Anakaikira, ananyamuka, anakafunsa, anauzidwa kuti palibe vuto, nkupezeka kuti womuuzayo analakwitsa. Mu 1961 ku Baton Rouge ku America m'busa B. Elton Cox anatsogolera ophunzira akuda pa zionetsero, lamulo linkaletsa kuchita zionetsero "pafupi" ndi khoti koma osanena kuti pafupi ndi mtunda wanji, akuluakulu a polisi anawalola kuima tsidya lina la msewu, kenako Cox anamangidwa nkupezeka wolakwa pa lamulo lomwelo. Khoti lalikulu mu 1965 linathetsa chigamulocho, linati boma silingakuuze kuti ima apa kenako nkukulanga chifukwa waima pomwepo. Canada nayo imavomereza chodzitetezera chotere ngati amene anakusocheretsa ndi wa boma woyenera kufunsidwa za nkhaniyo. Koma akakhala loya wako amene unamulipira ndi ndalama zako, mmaiko ambiri otsata malamulo a Chingerezi uphungu wake wolakwika sukuteteza pa milandu yambiri, amati mukanatero anthu akanamagula uphungu womwe akufuna kumva. Nkhawa imeneyo ndi yoona, koma khoti likhoza kuisefa, limatha kufunsa ngati loyayo anali wodziwa za nkhaniyo, ngati anauzidwa zonse, ngati anafufuzadi kapena anangogwedeza mutu. Makhoti a ku Germany amafunsa zimenezo, ndipo uphungu ukapezeka kuti unali wodalirika munthuyo amatha kumasulidwa.